Foloko ya mashoko ya njinga yakapalasa yachita dzimbiri? Musathamangire sandipepa, werengani kaye apa

Mvula ikangodukiza cha mu April umu foni yanga imadzaza ndi zithunzi zofanana, mapaipi a foloko ali timadontho tofiira, pansi pake funso lomwelomwelo lakuti achimwene apa ndipange bwanji. Ndayankha kambirimbiri nde ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi, wina akafunsanso ndizingomutumizira izi. Chimene chimandipweteka nchakuti ambiri amafunsa atayamba kale kukhula ndi sandipepa wa matabwa, ndipo pamenepo foloko yoti ikanatha kuchira imakhala yapita. Dzimbiri lofiira mukuliona pamwambalo si limene limapha foloko, imafa ndi timaenje takuthwa timene dzimbirilo limasiya komanso madzi amene alowa kale mkati inu osawaona.

Tigwirizane kaye mayina kuti tisasokonezane. Mapaipi awiri owala amene amalowa ndi kutuluka aja ndi ma stanchion, ine ndizingoti mapaipi. Mbali yammunsi yopakidwa penti imene imagwira tayala ndi buleki ndiziti miyendo. Pakamwa pa mwendo uliwonse pali karabala kozungulira kamene kamapukuta paipi ikamalowa, ndiye seal imeneyo, ndipo mkati mwa mwendo muli mabushi amene paipi imatsetserekamo. Chitsulo chopingasa chimene chagwira mapaipi onse awiri pamwamba ndi crown, ndiziti phewa, ndipo paipi imene imachoka paphewa kulowa mu felemu mpaka kukagwira handulo ndiziti khosi.

1. Tsukani kaye, musaweruze foloko ili ndi matope

Dothi lathu lakatondoli likauma pa paipi limafanana kwambiri ndi dzimbiri. Tengani ndowa ya madzi, sopo pang'ono ndi kansanza kofewa koyera, tsukani mapaipi, phewa ndi miyendo yonse, muumitse. Ngati foloko yanu ili ndi timalaya ta rabala topindikapindika tophimba mapaipi, tikwezeni muone pansi pake, timeneti timatchinga fumbi inde koma madzi akalowamo satuluka, ndipo mafoloko ambiri amene ndawaona atadyeka kwambiri anadyekera mmenemo mwini wake akuona ngati ndi otetezedwa.

2. Dziwani kuti mapaipi anu ndi chitsulo chanji

Pezani maginito, olo a sipika yakufa, muwagunditse pa paipi. Akakakamira ndiye kuti paipiyo ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi chrome pamwamba. Mafoloko ambiri amene amabwera pa njinga zotsika mtengo ndi zakaunjika ndi otero, monga SR Suntour XCT ndi XCM, ma RST ambiri, Zoom, ngakhalenso RockShox amene dzina lake lili ndi mawu oti Silver. Akapanda kukakamira ndi aluminium, monga Fox kapena RockShox apamwamba, mapaipi ake amakhala akuda kapena agolide. Aluminium sachita dzimbiri lofiira, iye amasupuka khungu lolimba lakunja lija nkuyamba kuoneka poyererapo, nthawi zina kaufa koyera.

Chrome uja ndi kakhungu kopyapyala kwambiri. Kamwala kakathetheka kuchoka kutayala nkugunda paipi pamabooka kabowo koti ndi maso simungakaone, madzi amalowa nkukapeza chitsulo, dzimbiri limayamba pansi pa chrome ndipo poti dzimbiri limafufuma kuposa chitsulo chimene lachidya, limatukula mmbali mwa kabowo kaja nkusiya mlomo wakuthwa ngati lezala. Ndiye nthawi iliyonse foloko ikatsika mlomo umenewo ukucheka seal, seal ikachekeka fumbi ndi madzi zikulowa mmiyendo, mabushi akudyeka, sipuling'i ikuchita dzimbiri, mapeto ake foloko imauma gwa osatsikanso. Mukamvetsa zimenezi muona chifukwa chake ntchito yathu si kuwalitsa paipi ayi koma kuisalaza.

3. Yesani ndi chikhadabo, muone ngati nkoyenera kuvutika

Mangani kebo tai kapena kalabala pa paipi imodzi, mukatsitsire pa seal, mugwire buleki yakutsogolo nkukanikiza handulo ndi mphamvu zanu zonse. Pamene kebo tai yakathera ndi chapafupi ndi pamene seal imafika, mafoloko otsika mtengowa ambiri amayenda mamilimita 80 mpaka 100 basi. Dzimbiri limene lili pamwamba pa mzere umenewo pafupi ndi phewa silikhudza seal, lichotseni, mupakepo choteteza, nkhani yatha. Limene lili mmunsi mwa mzere ndi limene tilimbane nalo.

Yendetsani chikhadabo pa kadontho kalikonse. Chikadutsa osakodwa ndi dzimbiri la pamwamba chabe. Chikakodwa ndi kadzenje, ikanipo chizindikiro ndi maka.

Koma pali zina zoti mukaziona siyani pompo, musakwerenso njingayo: mng'alu paphewa kapena pamene khosi lalowa mphewa, paipi yopindika, chrome amene akusendeka zikuluzikulu ngati khungu la mbatata yophika, timaenje tambirimbiri tozungulira paipi yonse, kapena pamene pamakhala ekiselo ya tayala padyeka mpaka kuchepa. Izi sizikonzeka. Osapita nayo kowotcherera chonde, kutentha kumafoola chitsulocho, ndipo foloko ikathyoka mukutsetsereka msewu wochoka pa Zomba Plateau imakhala nkhani ya chipatala kapena yoposa pamenepo. Mapaipi pa mafoloko ambiri amakhomeredwa mphewa ndi makina ku fakitale, nde sizitheka kungosintha paipi imodzi, amasintha mapaipi, phewa ndi khosi zonse pamodzi.

4. Dzimbiri la pamwamba, foyilo ndi madzi basi

Pa mapaipi a chrome tengani foyilo wophikira uja, mumupinde kukhala kampira, mumviike mmadzi nkumakhula pang'onopang'ono. Foyilo ndi wofewa kuposa chrome nde amachotsa dzimbiri osakanda. Muona madzi akuda akutuluka, pukutani, bwerezani mpaka paoneke bwino. Ena amathirapo Coca-Cola, zimatheka ndithu koma shuga wake akatsalira amamata fumbi pa seal, ine ndimangogwiritsa madzi.

Zoti musayerekeze: sandipepa wa matabwa, burashi ya waya, sitiliwulo wokwechera mapoto, mchenga, phulusa, galainda. Munthu wina anandibweretsera njinga atakhula mapaipi onse ndi sandipepa wa 80, anali akuwala ndithu tsiku limenelo koma chrome yense anali atachoka, patangopita masabata awiri paipi yonse inafiira kuchokera pamwamba mpaka pansi ndipo panalibenso chochita. Ndipo ngati mapaipi anu ndi a aluminium olo foyiloyo musiyeni, pukutani ndi nsalu basi mupite ku sitepe 6.

5. Tsegulani miyendo, pamene ambiri amaopa

Ngati kunja kwachita dzimbiri dziwani kuti mkati muli madzi, nde kukonza kunja kokha nkungozengereza vuto. Chotsani tayala, masulani buleki muimangirire pa handulo ndi chingwe kuti isalendewere pa kebo kapena kapaipi kake ka mafuta, ngati ndi buleki ya mafuta musafinye chogwirira tayala litachoka.

Ngati foloko ndi ya mpweya, mudziwa poona valuvu ngati ya galimoto pamwamba pa paipi imodzi, lembani kaye mpweya umene ulimo kenako muutulutse wonse musanagwire sipanala. Apa sindikunena mongodutsa, foloko yodzaza mpweya ikamasulidwa imatha kuponya chitsulo kumaso. Ndipo musanautulutse onetsetsani kuti muli ndi pampu yake yaing'ono ya mashoko, pampu ya tayala siyenera ntchito imeneyi. Ngati ndi ya sipuling'i, bwezani kachitsekerero kapamwamba kolimbitsira kaja mpaka kumapeto kofewa.

Pansi penipeni pa mwendo uliwonse pali nati kapena bauti, kawirikawiri nati ya 10 kapena bauti ya aleni ya 5 kutengera mtundu. Ngati pali kokhotetsa kofiira kachotseni kaye. Masulani koma musachotseretu, siyani mano atatu kapena anayi akadagwira, ikani kathabwa pamutu pake nkumenya pang'ono ndi hamala kuti ndodo yamkati imasuke, kenako chotsani nati nkukoka miyendo kutsika. Nati ikamangozungulira limodzi ndi ndodo uzani wina akanikize foloko mukumasula, mafoloko ena amafuna aleni yaitali yolowetsa kuchokera pamwamba. Ikani beseni pansi. Mafoloko a Fox ndi RockShox mumatuluka oyilo, otsika mtengowa amayendera girisi yekha nde mukaona madzi ofiira akutuluka musadabwe, ndi mvula ya chaka chatha imeneyo. Jambulani ndi foni chilichonse musanachichotse kuti pobwezera musasokoneze mawashala.

Tsukani mkati mwa miyendo ndi sipiliti ndi kansanza kokulunga pa kamtengo. Sipuling'i ikakhala ya dzimbiri itulutseni, iyoyo mutha kuikwecha ndi burashi ya waya nkuipaka girisi wokwanira. Kabotolo kotseka kamene kali mupaipi inayo, kamene kamaletsa foloko kudumphadumpha, kasiyeni musakatsegule. Tsopano yang'anani mbali ya paipi imene imabisika mkati mwa mwendo, nthawi zambiri dzimbiri loipitsitsa limakhala pansi pa seal pomwepo pamene madzi amaima njinga ikangokhala.

6. Kukwirira timaenje

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene malangizo ambiri amangoti pakanipo Cutex basi nkudumpha. Mufunika masiking'i tepi, singano, sipiliti, lezala latsopano, guluu wa epoxy wosakaniza machubu awiri monga Pratley Steel kapena Araldite, ndi sandipepa wa madzi amene opopera penti magalimoto amati wotapepa, wa nambala 600, 1000 ndi 2000. Nambala ikamakwera ndiye kuti ndi wosalala kwambiri. Mmahadiweya wamba nthawi zambiri mupeza wokhakhala yekha, funsani kumene amagulitsa penti ya magalimoto.

Yambani ndi mlomo wakuthwa uja. Matani tepi kuzungulira kadzenje kusiya kawindo kakang'ono, dulani kachidutswa ka 600 kochepa ngati chikhadabo, kanyowetseni nkumakhudza pa mlomo pokhapo mpaka chikhadabo chisiye kukodwa potuluka. Simukufuna kufafaniza dzenje, mukungogwetsa zimene zatukuka. Mukalimbikira kuti dzenje lithe mupanga malo aphwatalala pa paipi yozungulira, ndipo seal siitha kutseka pamenepo.

Kenako singano. Tokosani mkati mwa kadzenje kalikonse mpaka kaufa kofiira konse katuluke muone chitsulo. Imeneyi ndi ntchito yotopetsa makamaka timaenje tikakhala khumi kapena kuposa, koma mukasiya dzimbiri pansi limapitiriza kudya nkudzatukula guluu wanu pakangopita miyezi yochepa. Mukamaliza tsukani ndi sipiliti kawiri katatu ndi nsalu yoyera nthawi iliyonse, muike padzuwa paume. Mafuta olo pang'ono, ngakhale a zala zanu, amalepheretsa guluu kugwira, nde mukatsuka musagwirepo. Palafini ndi dizilo sizitsukira apa poti zimasiya mafuta.

Sakanizani guluu pang'ono, mutenge ndi nsonga ya kamtengo ka machesi kosongola nkukanikizira mdzenje kuti mpweya usatsalire pansi, mudzaze mpaka atumphuke pang'ono ngati kambewu ka mapira. Osapaka paipi yonse, pa dzenje pokha. Tsopano dikirani tsiku lathunthu, maola 24, olo pa paketi atalemba kuti amauma mmphindi zochepa. Apa ndi pamene anthu ambiri amaonongera, amagwira nkuona kuti walimba nkuyamba kupala, koma mkati akadali wofewa nde amazuka yense nkusiya dzenje mmene linalili. Nyengo ya chiperoni kukuzizira muonjezere tsiku lina.

Akauma, tengani lezala mumate tepi kumapeto kwake konse kuwiri kusiya pakati pokha, kuti tepiyo izitsetsereka pa paipi ndipo mpeniwo uzidutsa mmwamba pang'ono osakhudza chrome. Liimikeni chilili nkumapala kachitunda kaguluu pang'onopang'ono mpaka lisiye kutenga kanthu. Kenako dulani kalamba ka sandipepa wa 1000, kanyowetseni, kazungulizeni pa paipi nkumakoka uku ndi uku ngati mukupolisha nsapato. Yendani mozungulira paipi osati chokwera ndi chotsika, chifukwa timizere totsata utali wa paipi timasanduka tinjira todutsira madzi ndi oyilo pansi pa seal. Kokani kangapo, pukutani, gwirani, kokaninso, madzi asaume. Malizani ndi 2000. Pa mapaipi a aluminium dzanja likhale lopepuka kwambiri poti khungu lake silichedwa kutha.

Poyesa chikhadabo chokha sichikwanira. Tengani thonje muliyendetse pamalopo, likasiya ulusi ndiye kuti pakadali pakuthwa. Tsekaninso maso muyendetse chala, musamve pamene guluu wayambira ndi pamene wathera. Mukapeza kuti guluu walowa pansi nkusiya kadzenje kakang'ono, tsukaninso ndi sipiliti muonjezere kachiwiri, si zachilendo zimenezo.

Nanga Cutex? Amagwira ntchito pa timikwingwirima tosaya, mupake kopyapyala kawiri katatu kulikonse kuume kaye, koma amafota akamauma ndipo sakhalitsa ngati epoxy, pa dzenje lenileni ine sindimudalira. Ndinenenso zoona, olo epoxy yemweyo si wamuyaya, muziyendetsa chikhadabo pamalopo pakapita miyezi ingapo. Kwa a mafoloko a mpweya, kadzenje kakunja kwa paipi sikatulutsa mpweya poti pa mafoloko ambiri mpweya umatsekeredwa mkati mwa paipi, koma mukapeza kuti mkatimo ndi mmene mwadyeka ndipo mpweya ukutha wokha, pamenepo guluu sathandiza.

7. Penti yotupa pa miyendo

Miyendo ya mafoloko ambiri ndi ya magnesium, chitsulo chopepuka koma chosachedwa kudyeka chikakumana ndi mchere ndi chinyezi. Muona penti yatupa ngati matuza, mukaboola pansi pake pali ufa woyera kapena wotuwa, makamaka pamene pamangidwa buleki ndi pamene pakhala ekiselo chifukwa pamenepo magnesium wagundana ndi chitsulo china, ndipo pakakhala madzi pakati wofookayo ndi amene amadyeka. Njinga zakaunjika zochokera kumayiko ozizira monga UK zimabwera nalo kale vutoli poti kumeneko amathira mchere mmisewu nthawi ya chisanu, chimodzimodzinso abale athu amene mukupalasa ku Cape Town, Durban kapena Beira, mphepo ya kunyanja ya mchere ija imachita zomwezo.

Palani penti yotupayo ndi ufa wonse ndi sandipepa mpaka mufike pachitsulo chowala ndi penti yogwira bwino, tsukani ndi sipiliti, poperani etch primer, penti yoyambira yogwira pachitsulo, tsiku lomwelo, kenako penti pamwamba. Musagwiritse burashi ya waya wachitsulo kapena sitiliwulo chifukwa tizitsulo take timatsalira nkuyambitsa kudyeka kwatsopano, musathire vinega chifukwa amadya magnesium mpaka kuchita thovu, ndipo fumbi lake likhale kutali ndi moto poti limayaka. Mukapala nkupeza kuti dzenje lalowa kwambiri pafupi ndi mabauti a buleki kapena pa ekiselo, bwererani pa zimene ndanena pa sitepe 3.

8. Musaiwale khosi

Poti mwatsegula kale, masulani handulo mutsitse foloko yonse muone khosi. Thukuta ndi mvula zimatsikira mmenemo. Dzimbiri la pamwamba likhuleni ndi sandipepa, apa wokhakhalirapo palibe vuto poti sipadutsa seal, mupake girisi wopyapyala kupatula pamene handulo imagwira. Yang'anitsitsani mmunsi pamene khosi lakumana ndi phewa, ndipo timipira ta mabering'i tikakhala tofiira sinthani.

9. Kumanganso

Seal ikakhala yong'ambika kapena youma sinthani, gulani molingana ndi kukula kwa paipi, 28, 30 kapena 32 mamilimita ndi zimene zimapezeka kwambiri pa njinga zathuzi, yezani musangoganizira. Timasiponji tozungulira tokhala pansi pa seal ngati tilipo titsukeni nkutinyika mu oyilo wa foloko. Pakani girisi wofewa mkati mwa seal ndi pa mabushi, wabwino ndi wopangidwira mashoko monga Slickoleum kapena SRAM Butter. Girisi wolimba wa mabering'i a galimoto amapangitsa foloko kukakamira, oyilo wakuda wochotsa mu injini ali ndi zinyalala, ndipo mafuta a buleki ya galimoto amaononga rabala ndi penti, zitatu zimenezi ayi ndithu. Mafoloko oyendera oyilo thirani mtundu ndi muyezo umene kampani yake inalemba pa foloko yanuyo, zimapezeka pa intaneti mukalemba dzina ndi chaka chake. Lowetsani miyendo mosamala milomo ya seal isapindikire mkati, mangani manati mokwanira osachita kudumphira sipanala, bwezerani mpweya, buleki ndi tayala.

Mukamaliza gwirani buleki yakutsogolo nkukankha njinga kutsogolo ndi kumbuyo dzanja lina lili pakamwa pa mwendo, mukamva gwedegwede pamenepo ndiye kuti mabushi atha.

10. Kuti lisabwererenso

Mukachoka pa ulendo pukutani mapaipi ndi nsalu youma, ndi ntchito ya mphindi imodzi. Mwa apo ndi apo donthezani oyilo wa foloko pang'ono pa seal, kanikizani foloko kangapo, pukutani zonyansa zimene zatuluka. WD-40 musamapopere pa seal, amasungunula girisi wamkati. Ku kawashi auzeni asalozetse paipi ya madzi amphamvu pa foloko, ndipo kuimika njinga mumtsinje kuti muitsuke musiye. RockShox amati miyendo izitsegulidwa pakatha maola 50 akupalasa, Fox amati maola 125 kapena kamodzi pachaka, koma kwathu kuno ndi fumbi la October ndi matope a January ine ndimati tsegulani kawiri, mvula isanayambe ndi ikangotha.

China chimene ambiri sachiganizira ndi feteleza. Njinga ikamagona chipinda chimodzi ndi matumba a Urea kapena NPK, kapena mwanyamulirapo thumba nkuthothokera, kafumbi kake kamakoka chinyezi ndipo kamadya chitsulo mofulumira kuposa mvula. Isungeni kwina, ndipo mukanyamulira feteleza itsukeni tsiku lomwelo. Kuifunditsa pepala la pulasitiki pakhonde nakonso kumasunga chinyezi, bola pamalo pouma podutsa mphepo.

Ngati foloko yakanika ndipo mukukagula ina, tengani yakaleyo mupite nayo. Muyerekeze kukula kwa tayala, 26, 27.5 kapena 29, khosi ngati ndi lofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba kapena lonenepa mmunsi, utali wa khosi poti yakaunjika imakhala yodulidwa kale ndipo ikafupika siingatalikenso, mtundu wa ekiselo, komanso ngati buleki yanu ndi ya disiki kapena yogwira limu. Yendetsani chikhadabo pa mapaipi ake musanalipire, mukweze ndi timalaya ta rabala tija. Ndipo ngati njinga yanu ndi yopitira kuntchito, kumsika ndi kumunda osati yokwera nayo mapiri, ganizirani foloko yopanda mashoko, ndi yopepuka, yotchipa, ilibe seal yoti ichekeke, mungoonetsetsa kuti utali wake kuchoka pa ekiselo kufika paphewa ukuyandikira wa yakale ija kuti kutsogolo kwa njinga kusagwe.